Mankhwala a Shuga: Kodi Ndola Atsegulire Makampani Chitseko?

Kuseri kwa chitseko cha azakhali anga ku Masala kuli mtsuko wadothi umene mlendo saloledwa kutungamo madzi. Unakhazikidwa pamchenga wonyowa, ndipo m'kati mwake muli kachitini kotseka bwino momwe mumagona botolo la insulini, lalifupi ngati chala chachikulu. Filiji ilimo m'nyumbamo, koma kuyambira mu 2024, madzi atatsika ku Kariba magetsi n'kumathima usana ndi usiku womwe, azakhali anasiya kuikhulupirira. M'mamawa uliwonse, asanapite kukayala tomato ndi kapenta pamsika, amavundukula mtsukowo, kukoka mankhwala m'jakisoni, kutsina khungu la pamimba n'kubaya. Akatha amapukuta manja pachitenje ngati munthu amene wangotsuka mbale.

Pakhonde la nyumba imeneyi ndi pomwe panabuka mkangano womwe ndaubweretsa pano. Msuweni wanga, mwana wa azakhaliwo, akuphunzira udokotala pasukulu ya Michael Chilufya Sata, nthambi ya Copperbelt University yomwe inatsegulidwa mu Ndola mu 2011. Lamlungu lina titatha nsima, iye anati akamaliza sukulu akufuna kulowa m'kafukufuku, ndipo chomwe amalakalaka n'chakuti makampani akuluakulu opanga mankhwala a shuga abwere adzagwire ntchito ndi mayunivesite athu, mankhwala atsopano aziyesedwa konkuno. Bambo anga aakulu, amene anathera unyamata wawo pansi pa mgodi ku Kitwe, anaika kapu pansi.

"Mphwanga," anatero, "ine ndaona mkuwa ukukwera sitima moyo wanga wonse. Ife tinatsala ndi maenje ndi chifuwa. Tsopano ukufuna magazi a amayi ako akwerenso ndege?"

"Nanga amalume, mankhwala ali mumtsukomo anachokera kuti? Si kampani inapanga?"

Sanamvane tsikulo ndipo mpaka lero sanamvane. Ine ndinangotolera mbale osalankhula, koma nkhaniyi ndakhala ndikuitafuna. Chondidabwitsa n'chakuti umboni waukulu wa onse awiri ndi botolo limodzi lomwe lija.

Tiyambe ndi mnyamatayu. Insulini inatulukiridwa pa yunivesite ya Toronto ku Canada mu 1921. Frederick Banting ndi Charles Best ankagwira ntchito m'labotale ya John Macleod, ndipo James Collip ndiye anaiyeretsa kuti ithe kubayidwa mwa munthu. Mu Januwale 1922 anabaya Leonard Thompson, mnyamata wa zaka 14 amene anali atatsala mafupa okhaokha, ndipo anatsitsimuka. Mpaka apo inali ntchito ya ophunzira okha. Koma mbiri itamveka, odwala n'kuyamba kukhamukira ku Toronto, labotale ya yunivesiteyo inalephera kupanga yokwanira. Kwa milungu ingapo njira yomwe ija inangokana, monga umakanira mphika wa mowa nthawi zina ngakhale wofulula ali yemwe uja. Mu Meyi 1922 yunivesite inapangana ndi kampani ya Eli Lilly ya ku Indianapolis, ndipo katswiri wa kampaniyo, George Walden, anapeza njira yoyeretsera insulini yochokera m'kapamba wa ng'ombe ndi nkhumba mochuluka, botolo lililonse mphamvu yake yofanana ndi linzake. Pofika kumapeto kwa 1923 inali ikugulitsidwa m'masitolo a mankhwala ku America.

Apa msuweni wanga amati kutulukira chinthu ndi luso lina, kupanga mabotolo miliyoni ofanana ndi loyamba ndi luso linanso. Yunivesite ili ndi loyambalo. Lachiwiri lili ndi kampani, pamodzi ndi ndalama zoyesera mankhwala pa anthu masauzande kwa zaka zambiri. Boma limene nthawi zina limalephera kudzaza mashelefu a zipatala ndi mankhwala akale omwe silingatulutse ndalama zoterozo, ndipo amene akunena kuti tichite tokha akunena mosadziwa kuti tisachite konse.

Mfundo yake yachiwiri ndi ya kwathu konkuno. Ndola si mlendo pa kafukufuku wa mankhwala. Bungwe limene timalidziwa ndi dzina la TDRC, Tropical Diseases Research Centre, linakhazikitsidwa mu 1975 ndi bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, pachipatala chachikulu cha Ndola, ndipo mu 1981 linakhala la dziko la Zambia. Ana a mu Ndola anali m'gulu la ana opitirira 1,500 a m'maiko asanu, Burkina Faso, Kenya, Mozambique, Uganda ndi Zambia, amene anayesedwa mankhwala a malungo a kampani ya ku Italy ya Sigma-Tau, mogwirizana ndi bungwe losafuna phindu la Medicines for Malaria Venture la ku Geneva. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2009, mankhwalawo n'kuvomerezedwa ku Ulaya mu 2011 ndi dzina la Eurartesim. Coartem amene mayi aliyense wa ku Masala amamudziwa ndi dzina anabadwa pamene akatswiri a ku China anagwirizana ndi kampani ya ku Switzerland yomwe lero ndi Novartis. Mu 2001 kampaniyo inapangana ndi WHO kuti izigulitsa mankhwalawa kumaiko a malungo popanda phindu, ndipo Zambia inali m'gulu la maiko oyamba mu Africa kuwasankha m'malo mwa chloroquine. Ngati zinatheka pa malungo, mnyamatayu amafunsa, zilekeranji pa shuga? Kafukufuku wa STEPS wa 2017 anapeza kuti mwa akuluakulu 100 alionse m'Zambia, pafupifupi 6 ali ndi shuga wokwera m'magazi. Odwala alipo, akatswiri alipo, labotale ilipo.

Yachitatu ndiyo imandigwira mtima kwambiri. Mankhwala akayesedwa pa anthu ena, amasokedwa pa msinkhu wa anthu enawo, ife n'kumavala ngati salaula. Mabuku amati shuga wa akuluakulu amayenda ndi kunenepa, koma namwino aliyense wa kuno waona odwala shuga owonda ngati bango. Shuga wobwera chifukwa cha njala ya paubwana anafotokozedwa koyamba ku Jamaica mu 1955, WHO inamulemba m'kaundula mu 1985, n'kumufafaniza mu 1999 ati umboni unali wochepa. Ndi mu Epulo 2025, pamsonkhano wa International Diabetes Federation ku Bangkok, pamene anamuvomerezanso, n'kumutcha mtundu wachisanu. Zaka zonsezo umboni unali wochepa chifukwa odwalawo ankakhala kumene kulibe woika ndalama kuti awafufuze. Ngakhale muyeso wa HbA1c, umene madokotala amadalira kuti adziwe mmene shuga wayendera miyezi itatu, umatha kuonetsa nambala yotsika mwa anthu obadwa ndi vuto la magazi lotchedwa G6PD, lomwe n'lofala m'maiko a malungo ngati lathu. Munthu amauzidwa kuti ali bwino, pomwe maso ndi impso zikuwonongeka. Tikakana kuyesedwa, tidzapitiriza kuchiritsidwa ndi miyeso ya anzathu.

Tsopano bambo aakulu. N'kosavuta kuwaseka, kunena kuti akuopa banyama. Mphekesera za anthu opopa magazi zinamveka m'matauni a migodi ano m'masiku a atsamunda, ndipo wolemba mbiri Luise White analemba buku lathunthu pa nkhaniyi mu 2000. Ku Malawi, za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje ndi madera oyandikana nawo mu 2017. Koma mdalayu sakunena za mizukwa. Akunena za pangano, ndipo munthu amene anadinda chala pa mapepala a ntchito osawerengeredwa amadziwa kuti cholembedwa chimaposa cholonjezedwa.

Mu 1996, mliri wa matenda oumitsa khosi utabuka ku Kano ku Nigeria, kampani ya Pfizer inayesa mankhwala otchedwa Trovan m'kafukufuku wa ana pafupifupi 200. Ana 11 anamwalira. Makolo anadandaula kuti sanauzidwe bwino kuti ana awo akuyesedwa, kampani inakana kulakwa, ndipo mlandu unatha mu 2009 pamene inavomera kulipira madola 75 miliyoni. Zaka 13 kudikira.

Koma nkhani yoyandikana kwambiri ndi yathuyi ndi ya hoodia. Aka ndi kachomera ka minga ka m'chipululu cha Kalahari, komwe anthu a mtundu wa San ankatafuna kuti asamve njala ndi ludzu pa ulendo wautali wosaka nyama. Bungwe la boma la South Africa lochita kafukufuku, CSIR, linapeza m'chomeracho chinthu chopha chilakolako cha chakudya, chomwe chinatchedwa P57, n'kuchilembetsa ngati chake m'zaka za m'ma 1990. Kenaka linapereka chilolezo ku kampani ya ku Britain ya Phytopharm, yomwe mu 1998 inagwirizana ndi Pfizer kuti apange mankhwala ochepetsa kunenepa. Eni nzeruyo sanafunsidwe. Zinaululika mu 2001 kudzera m'nyuzipepala ya Observer ya ku London, ndipo mkulu wa Phytopharm anadzitchinjiriza ponena kuti ankaganiza kuti mtundu wa anthuwo unatha. Mu 2003 CSIR inasainirana ndi a San kuti azilandira magawo 6 pa 100 a ndalama zomwe bungwelo lidzapeza mankhwala akayamba kugulitsidwa, ndi magawo 8 pa 100 a ndalama zolipidwa ntchito ikamafika pa masitepe ena. Onani bwino: magawo a zomwe bungwe lalandira, osati a zomwe kampani yagulitsa. Chaka chomwecho Pfizer inatuluka. Unilever inalowa mu 2004, n'kutulukanso mu 2008 itaona kuti chinthucho sichikugwira ntchito mokwanira ndipo chikubweretsa mavuto ena m'thupi. Mankhwala sanapangidwe.

Chimene bambo aakulu angatole pa nkhaniyi si umbombo wa azungu okha. Woyamba kuwadumpha a San anali akatswiri a dziko lawo lomwe. Ndikadutsa pa mzere wa ogulitsa zitsamba pamsika wa Masala, pomwe chammwamba ndi nimu zimagulitsidwa kwa odwala shuga, ndimakumbukira kuti metformin, piritsi loyamba limene wodwala shuga amapatsidwa pachipatala, mzu wake ndi chitsamba cha ku Ulaya chotchedwa Galega officinalis, ndipo dokotala wa ku Paris Jean Sterne ndiye analiyesa pa odwala shuga mu 1957. Sindikunena kuti m'mabotolo a pamsika muli mankhwala a mawa. Ambiri a iwo angochedwetsa anthu kupita kuchipatala. Koma ngati mwa zana limodzi muli chimodzi chenicheni, gogo amene anasonyeza wophunzira tsambalo dzina lake lidzalembedwa pati?

Ndiye pali botolo lija. Mu Januwale 1923 Banting, Best ndi Collip anagulitsa umwini wa insulini ku yunivesite ya Toronto pa dola imodzi aliyense, kuti pasapezeke munthu woitsekera m'thumba. Papita zaka zoposa 100. Lero makampani atatu, Eli Lilly, Novo Nordisk ndi Sanofi, ali ndi magawo opitirira 90 pa 100 a msika wonse wa insulini. Ku America botolo la Humalog, insulini ya Eli Lilly, linakwera kuchoka pa madola 21 mu 1996 kufika pa 275, mpaka kampani inatsitsa mu 2023 anthu atafuula kokwanira. WHO imati mwa odwala shuga wa mtundu wachiwiri ofunika insulini, pafupifupi theka saipeza. Kafukufuku wa David Beran ndi John Yudkin wa 2005, wochitika ku Mozambique ndi kuno ku Zambia, anayerekeza kuti mwana wa kumudzi ku Mozambique wopezeka ndi shuga wofuna jakisoni ankangokhala ndi moyo miyezi pafupifupi 7. Mgwirizano wa yunivesite ndi kampani unabereka insulini, zoona, koma sunaifikitse kwa mwana uja.

Palinso zina zomwe mdalayu sananene koma ndaziona ndi maso. Kafukufuku wa ndalama zakunja akafika pachipatala, namwino wabwino koposa amachoka kuwodi n'kulowa m'pulojekiti, poti malipiro n'ngonona. Chipinda chimodzi chimapentedwa, chili ndi filiji ndi jenereta, pomwe pakhomo lotsatira anthu ali pamzere kuyambira mbandakucha. Pulojekiti ikatha, makina amafunditsidwa nsalu chifukwa chokonzera chake chili kutsidya kwa nyanja. Ndipo mwini ndalama ndiye mwini funso. Masiku ano makampani maso ali pa majakisoni ochepetsa thupi monga semaglutide, amene mtengo wake wa pamwezi azakhali sangaupeze ngakhale atagulitsa tomato wa pabenchi yonse. Funso la azakhali ndi lina: kodi insulini ya mumtsuko ikadali ndi mphamvu mu Okutobala, dzuwa likamaswa mtengo?

Funso limenelo linayankhidwa, ndipo mmene linayankhidwira muli phunziro la mbali zonse ziwiri. Mu 2021 akatswiri a yunivesite ya Geneva ndi madokotala a bungwe la MSF anasonyeza kuti insulini imasunga mphamvu yake milungu inayi pa kutentha kosinthasintha pakati pa madigiri 25 ndi 37, monga kumakhalira kumsasa wa othawa nkhondo wa Dagahaley ku Kenya. Mu 2023 bungwe la Cochrane linaunika umboni wonse, n'kupemphanso makampani kuti atulutse zomwe anali nazo. Zinapezeka kuti m'madirowa awo munali kale miyeso yosasindikizidwa yosonyeza kuti botolo losatsegula la insulini wamba limapirira mpaka miyezi 6 pa madigiri 25 ndi miyezi iwiri pa madigiri 37. Msuweni wanga anganene kuti onani, popanda makampani sitikanadziwa. Amalume ake anganene kuti onani, ankadziwa koma sanatiuze mpaka anafunsidwa. Onse awiri akunena zoona.

Ine ndaima pati? Ndikuona kuti mnyamatayu akulakwitsa pamalo amodzi ofunika: akuyesa shuga ngati malungo. Coartem amamwedwa masiku atatu, ndipo kumbuyo kwake kuli thumba la Global Fund, lokhazikitsidwa mu 2002, logulira maiko osauka mankhwala a Edzi, TB ndi malungo. Pa kafukufuku wa Eurartesim panalinso mkhalapakati wosafuna phindu, amene ntchito yake inali kuonetsetsa kuti mankhwala afike kwa osauka. Shuga ndi wa moyo wonse, ndipo alibe thumba lotero, alibenso mkhalapakati wamphamvu choncho. Mwana wa malungo kafukufuku akatha amakhala atachira. Mayi wa shuga kafukufuku akatha amakhala akudwalabe, thupi litazolowera mankhwala abwino amene mawa sadzawaonanso. Kumuchotsa pamenepo n'kumubwezera pamzere wakale ndi nkhanza, ngakhale pepala lachilolezo atasaina ndi dzanja lake.

Koma mdalayu nayenso akulakwitsa poganiza kuti kutseka chitseko n'kudziteteza. Kampani ikakanidwa ku Ndola imangopita ku Johannesburg kapena ku Nairobi, mankhwala adzapangidwabe, ndipo tidzawagulabe pa mtengo umene sitinakhalepo poukambirana. Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Kalumoko timakafuna, chofunika n'kudziwa amene wagwira chogwirira pometa.

Malamulo tili nawo kale, ndipo si ofooka. Lamulo la kafukufuku wa zaumoyo la 2013 linakhazikitsa National Health Research Authority, ndipo sililola magazi kapena china chotengedwa m'thupi la munthu kutuluka m'dziko popanda chilolezo ndi pangano lolembedwa. Bungwe la ZAMRA limayang'anira mankhwala oyesedwa. Lamulo la 2016 limateteza nzeru za makolo ndi zomera zathu, mogwirizana ndi pangano la ku Nagoya la 2010. Chikalata cha Helsinki, chomwe madokotala a dziko lonse amatsata, kuyambira mu 2000 chimakamba zoti oyesedwa apitirize kupeza chithandizo chabwino kafukufuku akatha. Pomwe tili ofooka ndi patebulo. Kampani imabwera ndi maloya odziwa mapangano otere ngati njira ya kumunda, pamene mbali yathu kumakhala pulofesa wotopa amene wachokera m'kalasi, ali ndi njala ya makina atsopano ndi dzina lake m'magazini ya sayansi. Munthu wotero, ngakhale ali woona mtima, amawerenga tsamba la ndalama n'kudumpha masamba ena.

Choncho ndikuti abwere, koma mtengo ulembedwe magazi asanatengedwe. Pangano linene kuti mankhwalawo akavomerezedwa adzalembetsedwa m'Zambia, ndipo zipatala za boma zidzawagula pa mtengo wosapitirira wakutiwakuti. Linene kuti aliyense woyesedwa amene mankhwala amuthandiza adzapitiriza kuwalandira mpaka atafika pashelefu ya chipatala chake. Akatswiri athu akhale ndi ufulu wosindikiza zotsatira ngakhale zitakhala zoipira kampani, kuti za m'dirowa zija zisachitikenso, ndipo aliyense wa iwo aulule poyera ndalama zomwe walandira. Gawo la ndalama za pulojekiti lizitsala pa yunivesite kuti lilipire mafunso athu, monga la odwala owonda aja, lomwe kampani iliyonse ingaone kuti mulibe phindu. Pokambirana pakhalenso odwala eni ake, kudzera m'mabungwe monga Diabetes Association of Zambia, osati kuitanidwa tsiku lodula riboni lokha. Ndipo Copperbelt University ndi TDRC, asanagule makina ena, alembe ntchito maloya awo odziwa mapangano a mankhwala. Yunivesite ya Toronto ija inakhazikitsa komiti yoyang'anira ubwino wa insulini ndi zilolezo zake, n'chifukwa chake katswiri wina, August Krogh, anatha kupita nayo ku Denmark kumene inayamba kupangidwa mu 1923. Chomwe komitiyo sinathe kumanga ndi mtengo wa zaka za m'tsogolo.

Kampani ina idzakana mfundo zimenezi n'kupita kwina. Ipite. Zina zidzavomera, chifukwa nazonso zikufuna msika wa Africa: mu 2022 Eli Lilly inapangana ndi EVA Pharma ya ku Egypt, ndipo mu 2023 Novo Nordisk inapangana ndi Aspen kuti insulini izipangidwa ku Gqeberha ku South Africa. Amene akufuna chinthu kwa iwe amatha kukambirana.

Ndinawafotokozera azakhali zonsezi madzulo ena akuwerenga ndalama za tsikulo. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Mwana wa achimwene, ukawauze aphunzitsi a msuweni wakoyo kuti timapepala toyezera shuga tandithera sabata yatha." Kamakina ali nako, anapatsidwa kwaulere, timapepala take ndi tomwe timadula.

Inu a ku Masala, a ku Kabushi, a ku Lubuto ndi a ku Chifubu, tsiku lina namwino adzakuitanirani pambali ndi pepala la kafukufuku wa shuga. Musathawe, si banyama. Muuzeni akuwerengereni m'chinenero chanu, kenaka mufunse kuti kafukufuku akatha mankhwalawo mudzawapeza kuti, ndipo pa mtengo wanji. Akakuyankhani, muwauze akusonyezeni pamene zalembedwa. Ngati palibe pamene zalembedwa, musadinde chala.